Mabuleki Akumbuyo: Kodi a Njinga Ina Angagwire pa Inzake?

Woyenda pamsewu wa M3 kuchoka ku Liwonde kupita ku Mangochi amadutsa pa Ulongwe, ndipo minibasi isanaime n'komwe anyamata a kabaza amakhala atafika kale pachitseko. Ntchito yawo yaikulu siili patala. Ili m'tinjira tolowa m'midzi ya kwa Kalembo, ndiponso mumsewu wafumbi wotsikira ku Shire, kumene alendo opita ku Mvuu amakakwera boti. Njinga zamoto zakuno zimasenza chilichonse: matumba a chimanga ndi nandolo, nsomba za ku Malombe, mbuzi yomangidwa miyendo, mayi wodwala pamodzi ndi womudikirira. Zonsezo zimatsamira gudumu lakumbuyo.

Mabuku ophunzitsa kuyendetsa njinga zamoto amati pamsewu wouma buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu yoimitsa njinga, pafupifupi magawo 7 mwa 10, chifukwa ukagwira buleki kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Zimenezo n'zoona patala. Koma woyendetsa amene anagwapo pamchenga atakoka yakutsogolo saiwala, ndipo kuyambira tsiku limenelo phazi lake lamanja silichoka pachopondera. Katundu akachuluka kumbuyo, gudumu lakumbuyo limakanirira pansi kwambiri, nalonso n'kumagwira ntchito yoposa imene anthu ambiri amaganizira. M'chilimwe fumbi limalowa m'habu ya gudumu n'kumapala. M'dzinja mumalowa madzi ndi matope a m'makhwawa. Mabuleki akumbuyo sachedwa kutha ku Ulongwe.

Akatha, mwini njinga amapita kushopu ya masipeya. Nthawi zambiri a njinga yake yeniyeniyo sawapeza. Wogulitsa amatsitsa paketi yolembedwa dzina lina n'kunena kuti, "Tengani awa achimwene, amalowa bwinobwino." Kawirikawiri sanama ayi, amalowadi. Chimene wogulitsayo sangaone ali kuseri kwa kauntala n'chakuti akalowa akagwira motani, ndipo pamenepo mpamene pagona moyo wa anthu okwera.

Tiyambe taona m'kati mwa gudumu. Njinga zambiri za kabaza, monga Lifo, SanLG, King Lion, Bajaj Boxer ndi TVS HLX, zilibe disiki kumbuyo. Buleki yake ili m'kati mwa habu. Habuyo ili ngati mbale yakuya yozungulira pamodzi ndi gudumu, ndipo pakamwa pake pamatsekedwa ndi mbale ina yosazungulira, yomangidwa kuti isasunthe. Pa mbale yosazungulirayo pamakhala mashu awiri, zitsulo zopindika ngati theka la mkombero, zomatidwa kunja kwake ndi chigamba cholimba chimene amakaniko amati laining'i. Mbali imodzi mashuwo amatsamira kachitsulo kobulungira kosasuntha; mbali inayo amatsamira kamu, kachitsulo kaphanthiphanthi kamene kamatembenuka. Woyendetsa akaponda, waya wachitsulo umakoka kamkono ka kunja, kamkonoko kamatembenuza kamu, kamuyo n'kukankha mashu kuti akhule khoma la habu. Akachotsa phazi, masipuling'i awiri amabweza mashu m'malo mwake. Ndi makina osavuta, ndipo n'chifukwa chake amakonzeka pansi pa mtengo ndi sipanala ziwiri.

Kuti sipeya ya njinga ina ilowe pa inzake si ngozi kapena mwayi. Kuno kwathu mwana amatchulidwa dzina la bambo, koma mbumba yake imawerengedwa kuchikazi. Njinga nazonso: dzina lolembedwa pathanki lili pakepake, mtundu wa zitsulo zake ulinso pakepake, ndipo wofuna mashu ayenera kutsata mtunduwo.

Mbumba yaikulu koposa ndi ya Honda ya ku Japan. Mu 1958 kampaniyi inatulutsa Super Cub, kanjinga kopepuka kamene kapangidwa kochuluka kuposa galimoto kapena njinga yamoto ina iliyonse padziko lapansi. Mu 1975 inatulutsanso CG125, itaona mmene anthu a m'mayiko osauka amagwiritsira ntchito njinga: kunyamula banja lonse, kusenza katundu wolemera, kuchedwa kusintha oyilo. Inapanga njinga yopirira zonsezo. Mu 1981 fakitale ya Jialing ya mumzinda wa Chongqing ku China inayamba kugwira ntchito ndi Honda, ndipo m'zaka zotsatira Chongqing anadzaza ndi makampani a njinga zamoto, ena mwa iwo Lifan, Zongshen ndi Loncin. Enanso anabuka kuchigawo cha Guangdong. Ambiri anatengera kapangidwe ka Super Cub ndi CG125, ndipo m'malo mosula okha chitsulo chilichonse, ankagula mahabu, mashu ndi masipuling'i kwa opanga amodzimodzi. Njinga ziwiri za maina osiyana zikhoza kukhala ndi habu yochokera m'chikombole chimodzi. Apa wogulitsa wa pa Ulongwe akati "amalowa", amakhala ali ndi chifukwa chomveka.

Za ku India zinayenda njira zina. Bajaj ya ku Pune inaphunzira zambiri kwa Kawasaki, ndipo Boxer yoyamba inatuluka ndi maina onse awiriwo. TVS inali pa ubwenzi ndi Suzuki mpaka 2001. Hero inayamba ndi Honda mu 1984, n'kudzasiyana nayo patapita zaka zoposa 25. Ku China komweko, Haojue inakula mogwirizana ndi Suzuki. Za Yamaha, monga AG200 ndi DT125 zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akuyendera m'midzi kwa zaka zambiri, zili ndi mbumba yawoyawo. Pakati pa mabanja amenewa nthawi zina miyeso imakumana, koma musayembekezere kuti mashu a Boxer angokhala pa Lifo chifukwa choti zonse ndi njinga za kabaza.

Palinso china chimene chimasokoneza dzina la pathanki kuno kwathu. Njinga zambiri zoyenda ku Balaka, Machinga ndi Mangochi zinalowa kuchokera ku Mozambique, kudzera mbali za Chiponde ndi Nayuchi, popanda buku la malangizo. Zina zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi. Njinga ikachita ngozi gudumu n'kupindika, mwiniwake amagula gudumu lathunthu lochotsedwa pa njinga ina yakufa, ndipo wodzagula pambuyo pake sauzidwa. Kampani nayonso imatha kusintha habu pakati pa chaka ndi chaka dzina la njinga lili lomwelo. Choncho funso loti "njinga yanu ndi yanji?" silikwanira. Funso labwino ndi loti "habu yanu ndi yotani?", ndipo yankho lake limapezeka pomasula gudumu n'kutenga mashu akale, masipuling'i ake, ngakhale mbale yonse, kupita nazo kushopu.

Choyamba kuyeza ndi kukula kwa m'kati mwa habu, kuchoka khoma lina kufika khoma lina. Pa njinga zazing'ono miyeso yofala ndi iwiri: mamilimita 110 ndi mamilimita 130. Boxer 150, mwachitsanzo, ili ndi ya 130. Mahabu ambiri amakhala ndi nambala yodindidwa m'kati, yonena malire amene habuyo siyenera kupitirira ikamadyeka; kawirikawiri ndi milimita imodzi pamwamba pa muyeso wake, ndiye kuti 111 kapena 131. Kusokoneza 110 ndi 130 n'kovuta, chifukwa diso lenilenilo limaona. Zoopsa zimabisala pamene muyeso umenewu wafanana koma zina zasiyana pang'ono.

Taganizani za kutambalala kwa shu. Alipo a mamilimita 25, a 28, a 30. Yotambalala kwambiri imakhula pansi pa habu, kapena kukwera pa kamlomo kamene kamatsala m'mphepete mwa habu yodyeka, ndipo gudumu limalimba buleki isanapondedwe. Yopyapyala imalowa mosavuta, mwini njinga n'kusangalala, koma imagwira malo ochepa, imatentha msanga, ndipo imakumba ngalande m'khoma la habu. Tsiku lodzaika mashu oyenera, amapeza khomalo lili ndi masitepe, sagwiranso mokwanira.

Malo ofunika kuwayang'anitsitsa kuposa onse ndi nsonga ziwiri za shu. Nsonga yotsamira kachitsulo kosasuntha imakhala ndi kakhwawa kozungulira, ndipo kakhwawako kayenera kukumbatira kachitsuloko mosasiya mpata. Kakakhala kakakulu, shu imagwedezeka, buleki n'kumagwira modzidzimutsa. Nsonga ya kukamu ndi yafulati. Ikafupika ndi milimita imodzi kapena ziwiri zokha, kamu iyenera kutembenuka kwambiri isanafikitse shu pakhoma. Woyendetsa amamva chopondera chikupita pansi, n'kumanga nati ya pawaya mpaka mazinga atha. Akatero buleki n'kukhalabe yofooka, ena amazula kamkono kaja n'kukasuntha dzino limodzi kapena awiri pa shafuti yake. Ena amapinda kachidutswa ka malata n'kukapanikiza pansonga ya shu.

Njira ziwirizi ndi zoopsa, ndipo makaniko wosamala sayenera kuzivomera ngakhale kasitomala atachonderera. Kamu inapangidwa kuti izipendeka pang'ono chabe. Ikatembenuka mpaka kuima chopingasa pakati pa mashu, masipuling'i sangathenso kuibweza. Gudumu limamangika pomwepo, njinga ili pa liwiro, ndipo kuchotsa phazi sikuthandiza kanthu. Kachidutswa ka malata nako kakasomphoka kamagwera m'habu yozungulira. Opanga njinga anaikapo zizindikiro kuti izi zisachitike: kadontho kokhomedwa pa kamkono kayenera kuyang'anizana ndi kadontho ka pashafuti, ndipo pa njinga zambiri pali kamuvi kamene, buleki ikapondedwa n'kufika pa chizindikiro cha pambale, kamanena kuti mashu atha. Mashu atsopano akangoikidwa kamuviko n'kukhala kali pafupi kale ndi chizindikirocho, ndiye kuti mashuwo si a habu imeneyo, kapena habu yenyeniyo yatha.

Masipuling'i anthu amawapeputsa. Mabowo okolekamo sakhala pamalo amodzi pa mashu onse. Sipuling'i yakale ikakolekedwa pa mabowo oyandikana kuposa a poyamba, imakhala yolobodoka, mashu sabwerera, habu imatentha, mafuta amatha msanga popanda wodziwa chifukwa chake. Ikakokedwa mopitirira, imatha kuduka kapena kukhudza pakati pa habu. Mashu abwino amabwera ndi masipuling'i awo m'paketi, ndipo ndi omwewo oyenera kuikidwa.

Pali njira yakale yoonera ngati shu yakhaladi bwino, yosafuna ndalama. Pakani choko pa laining'i yonse, bwezerani gudumu, lizungulitseni ndi dzanja mukuponda buleki pang'onopang'ono, kenako masulaninso. Pamene choko chafufutika mpamene shu ikugwira. Chikafufutika pafupifupi ponseponse, zili bwino. Chikafufutika kansonga kokha kapena kamzere kapakati, ndiye kuti kupindika kwa shu sikukugwirizana ndi habu. Kusiyana kwakung'ono kumatheka kukonza popala ndi sandipepa pamalo otukukawo. Kupala chitsulo chenicheni cha shu ndi fayilo kuti ikakamizike kulowa ndi nkhani ina. Shu yofuna zimenezo ibwezedwe kushopu.

Miyeso ikagwirizana, patsala funso la ubwino wa katunduyo. Masipeya onsewa amachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera limodzi ndi ya mafuta. Wa kabaza amene madzulo aliwonse ayenera kupereka ndalama kwa mwini njinga samafunsa za orijino, amafunsa zotchipa. Sitingamudzudzule, koma adziwe chimene akugula. Laining'i yotchipa ikhoza kukhala yofewa n'kutha m'masabata ochepa, kapena youma kwambiri n'kumadya habu, imene mtengo wake umaposa wa mashu kangapo. Choipitsitsa ndi guluu wosalimba. Madzi akalowa pakati pa laining'i ndi chitsulo, dzimbiri limatukula chigambacho, tsiku lina n'kumatuka chonse n'kukapanikizika pakati pa shu ndi habu. Musanalipire, yendetsani chikhadabo m'mphepete mwa laining'i. Pakakhala mpata, mng'alu kapena potukuka, siyani. Laining'i yatsopano imakhala yokhuthala pafupifupi mamilimita 4, ndipo ikatsala 2 ndi nthawi yosintha. Musadabwe kuona shu imodzi itadyeka kuposa inzake: kuzungulira kwa habu kumakokera imodzi kukhoma, inayo n'kumaikankhira kutali. Amasinthidwa onse awiri nthawi imodzi.

Mawu awiri kwa amakaniko, makamaka anyamata ophunzira ntchito amene amapatsidwa gudumu kuti alitsuke. Fumbi lakuda la m'habu si lopemerera ndi pakamwa kapena ndi mpope. Kwa zaka zambiri malaining'i ankapangidwa ndi asibesitosi, amene fumbi lake limayambitsa khansa ndi matenda ena a m'mapapo patapita zaka zambiri. Mayiko a European Union anamuletsa kotheratu mu 2005, South Africa mu 2008, koma si mayiko onse opanga masipeya amene anachita chimodzimodzi, ndipo paketi yosalembedwa kanthu singakuuzeni. Pukutani ndi kansanza konyowa, n'kukataya. Parafini ndi dizilo zisafike pa laining'i chifukwa zimasiya mafuta. Gilizi apakidwe pang'ono chabe pa shafuti ya kamu. Laining'i imene yamwa gilizi kapena oyilo siyeretseka, imangofunika kuchotsedwa.

Njinga zokhala ndi disiki kumbuyo n'zochepa m'dera lino. Zambiri ndi zikuluzikulu, za mabungwe, za alendo odutsa popita kunyanja, kapena zimene abale athu amabwera nazo kuchokera ku Joni. Eni ake amavutika kwambiri, chifukwa mapadi ake sapezeka pa Ulongwe kapena pa Liwonde, nthawi zina ngakhale ku Limbe. Koma lamulo lake ndi lomwe lija. Chitsulo chopanira disiki, kalipa, kawirikawiri sichipangidwa ndi kampani ya njingayo. Amapanga ndi makampani ochepa monga Nissin ndi Tokico a ku Japan, Brembo ya ku Italy, ndi ByBre, dzina limene Brembo imagwiritsa ntchito pa njinga zazing'ono. Kalipa imodzi imatha kupezeka pa Honda, pa Suzuki ndi pa Kawasaki. N'chifukwa chake opanga mapadi monga EBC, Ferodo ndi Vesrah amapereka nambala imodzi ku padi yolowa pa njinga zambirimbiri. Wodziwa nambalayo akhoza kutuma m'bale wake ku Johannesburg mosaopa kuti abwera ndi zolakwika. Wopanda nambala aike padi yakale papepala, ajambule m'mphepete mwake ndi mabowo ake, alembe utali, kutambalala ndi kukhuthala kwake. Achenjere ndi mapadi ofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere: makutu ake amaloza mbali zosiyana, ndipo pa chithunzi cha pafoni amaoneka amodzi.

Kuseri kwa mapadi ambiri kuli zilembo ziwiri, monga FF, GG kapena HH. Zimanena mphamvu ya kugwira kwake, choyamba padi ili yozizira, chachiwiri itatentha, ndipo H amagwira kuposa G, G kuposa F. Munthu angaganize kuti HH ndiye wabwino paliponse. Kumbuyo si choncho nthawi zonse. Padi yolusa kwambiri imamanga gudumu lakumbuyo ndi kuponda pang'ono, makamaka pamsewu wamiyala ngati wa ku Mvuu, ndipo ambiri amasankha yofatsa kumbuyo, yolusa kutsogolo. Disiki nayo ili ndi malire ake odindidwa pamwamba pake. Madzi a buleki akhale a mtundu wolembedwa pachivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, osati oyilo wa injini, amene amafufumitsa malabala a m'kati. Mapadi atsopano akaikidwa, pondani chopondera kangapo njinga isanasunthe, mpaka chilimbe. Kuponda koyamba kumangopita pansi popanda kugwira.

Tibwerere ku habu, kumene kuli njinga zambiri za kwathu. Mashu oyenera amathanso kugwira molakwika ngati kumanga kwake kwathamangidwa. Nati yaikulu ya ekiselo isanamangidwe, wina azungulitse gudumu n'kuponda buleki mwamphamvu, ndipo natiyo imangidwe phazi lidakali pomwepo. Potero mbale imakhazikika pakati penipeni, mashu onse awiri n'kumafika pakhoma limodzi. Bawuti ya chitsulo choletsa mbale kuzungulira ibwezeredwe ndi kapini kake. Ikasomphoka, mbale imazungulira ndi gudumu, n'kukulunga waya wa buleki. Chopondera chizitsika mamilimita 20 mpaka 30 buleki isanayambe kugwira, ndipo muyesowu uonedwenso munthu atakhala pampando wakumbuyo, chifukwa njinga ikalemedwa waya umatha kukokeka. Uonedwenso nthawi iliyonse tcheni ikakokedwa, popeza gudumu likasunthira kumbuyo buleki imalimba yokha. Getsi lofiira lakumbuyo liyake chopondera chikangotsika. Maulendo oyamba akhale odekha kuti laining'i izolowerane ndi habu, ndipo mutayenda kilomita imodzi kapena ziwiri osaponda buleki kawirikawiri, gwirani habuyo ndi dzanja. Ikakhala yotentha, pali pamene pakukhula.

Lamulo la pamsewu la dziko lino limafuna kuti njinga yamoto iliyonse ikhale ndi mabuleki ogwira, ndipo nthambi ya boma ya Road Traffic ndiyo inapatsidwa udindo woyeza. Koma njinga zambiri za m'midzi sizinalembetsedwe, ndipo sizidzafika kwa woyeza aliyense. Mabuleki ake amaonedwa ndi munthu mmodzi yekha, makaniko wa pamsika. Ovulala pa ngozi za kabaza amene amagonekedwa kuchipatala cha Machinga pa Liwonde, kapena kutumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre atathyoka miyendo, ambiri sanasankhe njinga imene anakwera. Anangokwera imene inali pamzere. Pa chifukwa chimenechi ndikuona kuti makaniko ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wokana kuika sipeya imene iye mwini sakukhutira nayo.

Mabuku a EBC ndi anzawo sanena za njinga zambiri zimene zikuyenda kwa Kalembo. Zimene zikudziwika za habu ya Lifo kapena SanLG zili m'mitu mwa amakaniko, ndipo makaniko akasamukira ku Mangochi kapena ku Joni amapita nazo. Kope la ana asukulu likhoza kuzisunga. Njinga iliyonse ikabwera, alembe dzina lake, kukula kwa injini, muyeso wa m'kati mwa habu, kutambalala kwa shu, dzina la papaketi ya mashu amene aikidwa, tsiku loika, ndi mmene choko chinafufutikira. Mashu akale ochotsedwa awakoleke pawaya kukhoma, peyala iliyonse ndi kapepala kake, kuti kasitomala wobwera ndi paketi yachilendo athe kuyerekeza nsonga ndi mabowo gudumu lisanamasulidwe. Njinga yomweyo ikadzabweranso, tsiku lolembedwa lija lidzasonyeza kuti mashu a dzina limenelo anakhala miyezi ingati, ndipo wogulitsa woyandikana naye adzadziwa paketi zoyenera kuoda ulendo wotsatira wa ku Limbe.